CIPATA CA NDENDE CIKATSEGUKA, NDANI AYEMBEKEZA KUNJA?

Caka ciliconse pa 25 May, tsiku la Africa Freedom Day, ndiponso pa 24 October pamene tikumbukira ufulu wa dziko lathu, ambiri a ife timachera khutu ku wailesi kuti timve ciwerengero ca akaidi amene Mtsogoleri wa dziko wakhululukira. Zipata za Mukobeko ku Kabwe, Chimbokaila mu Lusaka, Kamfinsa ku Kitwe ndi Namuseche ku Chipata zitseguka, nyimbo ziimbidwa, atolankhani ajambula zithunzi, ndipo ena mwa omasulidwawo agwada pansi kuyamika Mulungu. Pofika masana atolankhani apita, akulu-akulu akwera magalimoto ao, ndipo munthu uja atsala yekha m'mbali mwa mseu ndi kathumba ka pulasitiki m'manja.

M'kathumbako muli malaya amodzi, kapena Baibulo, ndipo kwa ena muli kabotolo ka mankhwala a ma ARV. Nkhani yathu lero ili pa kabotolo kameneko, ndi pa munthu amene angathandize kuti kasakhale kothera. Ife tikhulupirira kuti munthu woyenera kwambiri nchito imeneyi ndi uja amene anatulukapo kale pa cipata comweco.

MMENE ZINTHU ZINALIRI M'KATI

Awerengi athu acikulire akumbukira kuti matenda a AIDS anapezeka koyamba mu Zambia mu 1984, ndi kuti mu 1987 a Kenneth Kaunda anauza dziko lonse poyera kuti mwana wao Masuzyo anamwalira ndi matenda amenewa. Kucokera nthawi imeneyo tinayamba kukamba za kalombo ka HIV m'masukulu, m'machalichi ndi pa wailesi, koma za m'ndende tinali cete kwa zaka zambiri, monga kuti okhala m'menemo si anthu a mtundu wathu.

Amene anayamba kutitsegula maso ndi a Dr Oscar Simooya a pa Copperbelt University, amene mu 1995 anayambitsa nchito yochedwa In But Free pa ndende ya Kamfinsa. Kufufuza kumene iwo ndi anzao anacita kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunapeza kuti pa akaidi 100 alionse amene anapimidwa, 27 anali ndi kalombo. Mu 2010 bungwe la Human Rights Watch, pamodzi ndi la PRISCCA ndi la ARASA, linatulutsa lipoti yoonetsa kuti ndende zimene zinamangidwira anthu 5,500 zinali kusunga akaidi 15,300, ndipo onsewo anali ndi dokotala mmodzi cabe. Lipotiyo inakambanso za cifuwa ca TB cimene cifala msanga m'zipinda zothinana zopanda mphepo, za akaidi ogwiritsa nchito lezala imodzi, za acinyamata ogonedwa ndi akulu posinthana ndi cakudya kapena sopo, ndiponso kuti makondomu sanali kuloledwa m'ndende.

Tiyenera kunena zoona kuti zinthu zina zasintha. Kucokera mu 2005 ma ARV aperekedwa kwaulere m'zipatala za boma. Mu 2016 dzina la Zambia Prisons Service linasintha kukhala Zambia Correctional Service, kusonyeza kuti colinga ndi kuwongola munthu, ndipo mu 2021 panabwera lamulo latsopano loyendetsera nthambi imeneyi. Mabungwe monga CIDRZ agwira nchito ndi akulu a ndende kupima TB ndi HIV, ndipo munthu akapezeka ndi kalombo ayamba mankhwala mosayembekeza kuti adwale. Koma kuthinana kukalipo, pakuti m'zaka zaposacedwapa ciwerengero ca akaidi capitirira 20,000.

Cimene ambiri sitiganizira ndi cakuti pafupifupi onse amene ali m'katimo tsiku lina adzatuluka. Ena atuluka pa cikhululuko, ena pa parole, ena atsiriza zaka zao, ndipo ambiri amene ali pa rimandi, monga ku Kamwala, alowa ndi kutuluka m'miyezi yocepa. Onsewa abwerera ku Kanyama, ku Chawama, ku Kapata, ku Katete ndi kumidzi kwathu. Motero umoyo wa m'ndende ndi umoyo wa m'komboni ndi cinthu cimodzi.

ULENDO WOBWERERA KUNYUMBA

Tiyeni titenge citsanzo ca mwamuna amene kwao ndi ku Lundazi koma wagwira ukaidi zaka 6 ku Kabwe. Anapimidwa ali m'ndende, anapezeka ndi kalombo, nayamba mankhwala. M'katimo kumwa mankhwala kunali ndi dongosolo lake, pakuti nthawi yodzuka, yodya ndi yogona ndi imodzi masiku onse, kiliniki ili pafupi, ndipo panali mkaidi mnzake wophunzitsidwa za umoyo amene anali kumukumbutsa. Mwina magazi ake atapimidwa komaliza, kalombo kanali katacepa kotero kuti makina sanali kukaona.

Tsopano watuluka. Ayenera kufika ku Lusaka, kupeza basi pa Intercity, kuyenda mseu wa Great East makilomita oposa 500 kufika ku Chipata, ndi kupitirira ku Lundazi. Akafika apeza munda unatengedwa, ng'ombe zinagulitsidwa kulipirira mlandu, ana amuyang'ana ngati mlendo. Citupa cake ca NRC cinasowa kale-kale. Anthu a m'mudzi amupatsa moni ndi dzanja limodzi, linalo lili pa thumba. Usiku woyamba anzake akale amutengera ku kacasu kuti akondwerere ufulu.

Kabotolo kaja katha pakapita milungu ingapo. Kuti atenge kena ayenera kupita ku kiliniki kumene sadziwika, ndipo funso loyamba la anesi lidzakhala lakuti kodi mankhwala munali kutengera kuti. Yankho la funsoli liulula zinsinsi ziwiri pa nthawi imodzi, pamaso pa anthu a pa mzere amene adziwa amai ake ndi apongozi ake. Ambiri pamenepa ndi pamene abwerera. Anena mumtima kuti ndidzapita mawa, ndipo mawa limenelo likhala mwezi, mwezi ukhala caka.

Ofufuza m'maiko ambiri, kuphatikizapo muno m'cigawo cathu ca kum'mwera kwa Africa, apeza cinthu cofanana: miyezi yoyamba munthu atatuluka m'ndende ndiyo nthawi imene ambiri aleka mankhwala. Ndipo tidziwa cimene cicitika m'thupi. Munthu akaleka ma ARV, kalombo kaculukanso m'magazi m'milungu yocepa. Munthu amene akumwa mankhwala bwino mpaka kalombo kosaoneka pa makina sapatsira mkazi wake kapena mwamuna wake pogonana, koma akaleka, citetezo cimeneco citha. Apa ndi pamene nkhaniyi ileka kukhala ya mkaidi yekha. Mai uja amene anadikira zaka 6, kugulitsa tomato pa msika kuti ana apite ku sukulu ndi kutumiza sopo ku Kabwe, ndiye alandira mphoto yowawa.

CIFUKWA NINJI MKAIDI WAKALE?

Ena adzafunsa kuti kodi tilibe anesi, aphungu ndi abusa oti acite nchito imeneyi? Tili nao, ndipo nchito yao ndi yaikulu. Koma munthu amene wakhala zaka zambiri pansi pa yunifomu aphunzira kuyankha "inde bwana" kwa aliyense wokhala kumbuyo kwa tebulo, ndi kubisa zimene zili mumtima. Pali zinthu zimene zinacitika usiku m'cipinda cokhoma zimene sangauze mkazi wake, m'busa wake kapena nesi wa msinkhu wa mwana wake. Kwa mnzake amene anagonapo cokhala tsonga cifukwa cosowa malo, amene adziwa kukoma kwa nsima ndi kapenta wa m'ndende, safunika kulongosola zambiri. Mau awiri akwanira.

Mkaidi wakale alinso umboni woyenda ndi miyendo. Akanena kuti ine ndinatuluka zaka zitatu zapitazo, ndikumwa mankhwala, ndili ndi kantemba kanga ndipo mkazi wanga alibe kalombo, mau amenewo alemera kuposa cithunzi ca pa cipupa ca kiliniki. Ifenso monga dziko tinaona mphamvu imeneyi pamene malemu a Winstone Zulu anaimirira poyera mu 1990 kunena kuti ali ndi kalombo, ndiponso pamene bungwe la NZP+ linayamba mu 1996 kusonkhanitsa anthu okhala ndi HIV kuti azilimbikitsana. Anthu ambiri anapita kukapimitsa cifukwa anaona munthu wonga iwo.

Cina cimene tiyenera kudziwa ndi cakuti anthu odziwa nchitoyi alipo kale. Kucokera m'masiku a In But Free, akaidi akhala ali kuphunzitsidwa kuphunzitsa anzao za HIV, kuzindikira amene atsokomola nthawi yaitali, kutenga makhololo kupita nao kokapima ndi kukumbutsa odwala za mankhwala. Ena agwira nchito imeneyi zaka zambiri mokhulupirika. Koma tsiku limene atuluka, nzeru zonsezo zituluka nao ndi kukathera pa maganyu osenza matumba ku Soweto Market. Uku ndi kutaya cuma cimene tinalipirira kale.

Bungwe la PRISCCA, lotsogoleredwa ndi a Godfrey Malembeka amene iwo eni anakhalapo m'ndende, laonetsa kuti akaidi akale angathe kukhala pa tebulo limodzi ndi nduna ndi kulankhulira anzao. A Prison Fellowship Zambia ndi machalichi ena naonso akhala ali kuyendera ndende kwa zaka zambiri. Cosowa ndi cakuti nchito yotere ifike m'boma lililonse, ndipo ikhale ndi dongosolo lodziwika.

NCHITO YAKE KWENI-KWENI NDI YOTANI?

Nchito ya mnzake wothandiza iyamba cipata cisanatseguke. Mwezi umodzi kapena iwiri munthu asanatuluke, awiriwa ayenera kukumana kapena kulankhulana, kuti adziwe kumene munthuyo adzakhala, kiliniki imene ili pafupi ndi kumeneko, ndi wacibale mmodzi amene angadaliridwe. Ayenera kuona kuti kalata yosamutsira wodwala yalembedwa, khadi ya SmartCare ili m'thumba, ndipo mankhwala amene wapatsidwa ndi okwanira kufika tsiku lokaonekera ku kiliniki yatsopano. Ngati ali pa mankhwala a TB, amene atenga miyezi 6, ayenera kudziwa miyezi imene yatsala, pakuti kulekeza pa njira kubala TB yosamva mankhwala.

Pa tsiku lotuluka, wothandizayo akhale pa cipata, kapena wina wa gulu lake akhale pa siteshoni ya basi kumene munthuyo atsikira. Ici cioneka cacing'ono, koma maola oyamba ndi amene aonetsa ngati munthu agona kwa acibale kapena ku shabini.

M'mlungu woyamba amuperekeze ku kiliniki ndi kukhala naye pa mzere. Wothandiza amene adziwika kale kwa anesi angathe kupereka kalata ija mwakacetecete, kotero kuti funso lija la manyazi silifunsidwa pagulu. Pambuyo pake amuthandize kulowa m'gulu la anthu a m'dera amene atengerana mankhwala mosinthana, ndipo magazi akaonetsa kuti ali bwino angayambe kulandira mankhwala a miyezi 3 kapena 6 pa ulendo umodzi.

Nchito yovuta koposa ndi ya m'nyumba. Mwamuna aopa kuti akaulula, mkazi adzaganiza zoipa za mmene kalombo kanabwerera. Mkazi nayenso mwina ali ndi nkhani yake ya zaka zimene anali yekha, ndipo aopa cimodzi-modzi. Wothandiza amene anadutsa m'moto umenewu kwao angathe kuwalangiza kuti apite kukapimitsa pamodzi monga banja, pamaso pa phungu, kapena ayambe ndi tuzipangizo todzipimira wekha kunyumba, ndi kugwiritsa nchito makondomu kufikira zonse zadziwika. Cinsinsi ca munthu ndi cake, ndipo wothandiza alibe ufulu woulula m'malo mwake. Nchito yake ndi kumulimbitsa mtima kufikira alankhula yekha.

AMENE ATULUKA ALIBE KALOMBO

Tisaiwale kuti ambiri atuluka m'ndende alibe kalombo, ndipo kwa iwo ngozi iyamba pa cipata comweco. Mnyamata amene walowa ali ndi zaka 22 ndi kutuluka ali ndi zaka 27 afuna kubweza zonse zimene anataya m'mwezi umodzi. Mowa, camba ndi cisangalalo zikasakanikira, kondomu siikumbukika. Pa kufufuza kwa ZAMPHIA kwa mu 2021, pa akulu 100 alionse mu Zambia 11 anapezeka ndi kalombo, motero kunja kuno nakonso si kopanda minga.

Munthu amene wakhala m'kati zaka zambiri mwina sadziwa kuti njira zodzichinjirizira zaculuka. Pali PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kalombo amwa tsiku ndi tsiku kuti asakatenge. Mu 2024 Zambia inayamba kupereka PrEP ya jekeseni yobaya pa miyezi iwiri iliyonse, ndipo kumapeto kwa 2025 kunafikanso ina yochedwa lenacapavir yobaya kawiri pa caka, ngakhale kuti majekeseniwa sapezeka pa kiliniki iliyonse. Pali PEP, imene munthu ayenera kuyamba pasanathe maola 72 ngati kondomu yang'ambika kapena wagwiriridwa, ndi kumwa masiku 28. Palinso mdulidwe wa kucipatala, umene ucepetsa ngozi ya mwamuna kutenga kalombo kwa mkazi ndi pafupifupi magawo 60 pa 100. Mnzake amene anatuluka poyamba ndiye angamuuze zonsezi m'cinenero cimene amvana, ali pa benchi ya kumsika.

Azimai otuluka m'ndende ali pa vuto loposa. Mwamuna akamangidwa mkazi kawiri-kawiri adikira, koma mkazi akamangidwa apeza wina walowa kale m'nyumba. Ena atuluka ndi mwana kumsana amene anabadwira kapena kukulira m'ndende. Wopanda pogona ndi wopanda ndalama ya mpamba agwa m'manja mwa mwamuna aliyense amene alonjeza cipinda ndi unga, ndipo m'nyumba yotere mkazi alibe mau pa za kondomu. Kwa iye wothandiza akhale mkazi mnzake, amene angamulowetse m'cilimba ca azimai a pa msika ndi kumuperekeza ku kiliniki ya amai ndi ana.

MANKHWALA SAMWEDWA NDI NJALA

Ngakhale kuti ma ARV a masiku ano angamwedwe popanda cakudya, munthu amene sadziwa cimene ana adye madzulo saika mtima pa tsiku la ku kiliniki. Olemba nchito ambiri afuna kalata ya kupolisi ya zidindo za zala, ndipo akaona mbiri ya mlandu nkhani ithera pomwepo. Komabe m'ndende zathu anthu aphunzira ukalipentala, kusoka, kumanga nyumba ndi ulimi, ndipo ena alemba mayeso a TEVETA ndi kupambana.

Apa ndi pamene gulu la akaidi akale lingacite zimene munthu mmodzi sangathe, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Kucokera mu 2022, pamene ndalama za CDF zinakwezedwa kufika K25.7 million pa dera lililonse la phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, mbali ina ya ndalamazi ipita ku makilabu ndi ma co-operative a acinyamata ndi azimai. Tifunsa makhansala athu: kodi ndi magulu angati a akaidi akale amene mwawathandiza kulembetsa ndi kudzaza mapepala? Anthu khumi amene akumana m'mawa uliwonse pa shedi yopalira matabwa adziwana, ndipo mmodzi akasowa masiku awiri anzake apita kukagogoda pa citseko cake.

ZODETSA NKHAWA

Sitibisa kuti pali zovuta. Ena adzanena kuti kusonkhanitsa akaidi akale ndi kusonkhanitsa akawalala. Mantha amenewa tiwamva, makamaka kwa amene anabeledwapo kapena kutayikidwa wokondedwa. Ndi cifukwa cake wothandiza ayenera kusankhidwa mosamala, kuphunzitsidwa, ndi kukhala pansi pa uyang'aniro wa kiliniki ndi ofesi yoona za omasulidwa. Si aliyense amene anakhalapo m'ndende angagwire nchitoyi, monganso si aliyense amene anadwalapo angakhale nesi.

Vuto lina ndi ndalama. Kwa zaka zambiri tazolowera kucha anthu otere "odzipereka" ndi kuwapatsa sikipa ndi botolo la zakumwa pa tsiku la 1 December. Munthu amene nayenso asowa lendi sangayende wapansi kucokera ku Matero kupita ku Chawama mlungu uliwonse ndi mimba yopanda kanthu. Afunika malipiro, ngakhale ocepa, ndalama ya basi ndi ya foni. Ndipo cimene cinacitika mu January 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri la kunja ndipo anchito ambiri a za umoyo m'makomboni anauzidwa kukhala kunyumba, citiphunzitse kuti nchito yotere iyenera kukhala mu bajeti yathu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

PEMPHO LATHU

Ku Unduna wa za Umoyo, a Zambia Correctional Service ndi a National AIDS Council tipempha kuti pasakhale munthu wa pa mankhwala wotuluka pa cipata wopanda kalata yosamutsira, mankhwala okwanira ndi dzina la munthu womulandira kumene apita. Masiku a cikhululuko adziwika caka cisanayambe, motero kukonzekera ndi kotheka. A pa rimandi, amene amasulidwa mwadzidzidzi ku khoti, naonso aganiziridwe. Akaidi amene anaphunzitsidwa za umoyo m'kati apatsidwe satifiketi yodziwika kunja, kuti makiliniki awalembe nchito.

Kwa mafumu, anyakwawa ndi atsogoleri a mipingo, munthu akabwerera mulandireni poyera, pakuti mudzi ukaona mfumu yamugwira canza, pakamwa pa anthu pacepa mau. Kwa acibale, musamufunse za mlandu pa tsiku loyamba. Mufunseni ngati wadya, ndiponso ngati pali mankhwala amene afunika kutenga.

Ndipo kwa inu amene munatuluka kale ndipo mwaima pa miyendo yanu, mudziwa bwino kuposa ife tonse mmene mseu uja unatalikira tsiku loyamba. Pitani ku kiliniki ya m'dera lanu kapena ku bungwe loona za akaidi, mukalembetse dzina kuti muli okonzeka kulandira mnzanu. Enafe amene sitinalowepo tisanyade, pakuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Pa 24 October kapena pa 25 May pamene zipata zidzatsegukanso, wina mwa otulukawo adzatsika basi pa siteshoni ya kwanu.